Mtengo wa Mauna a Mfuko

Padangokhala. Muli nane? Ngati tili tonse, tiyeni.

Kalekale, nyama zikadali ndi misika ndi maudindo ngati anthu, kunali mayi wina dzina lake Mfuko. Mayiyu sankakonda kuyenda pamtunda, pakuti dzuwa linkamulasa m'maso. Akafuna kukacheza kwa mnzake, ankangokumba una kuchokera kunyumba kwake mpaka kukatulukira pakhomo pa mnzakeyo.

Tsiku lina ali mkati mokumba anatsokomola. Mwadzidzidzi anamva mawu a bambo Njiri, amene ankakhala kutali kumalire a dziko, akuti, "Pepani ndi chifuwa, mayi!"

Apo m'pamene Mfuko anazindikira kuti mauna ake amanyamula mawu. Mbiri inawanda, ndipo aliyense ankabwera n'kumati, "Ndikumbireni nanenso." Mfuko sankadziwa kukana. Anakumba, anakumba, mpaka mauna onse analumikizana, moti wina akalankhula pakhomo pake, dziko lonse linkamva. Popeza aliyense ankayamba ndi funso limodzimodzi, maunawo anangowatcha kuti Kodimwamva.

Mwa Kodimwamva munkadutsa zonse. Maliro ankalengezedwa momwemo, chinkhoswe momwemo. Mwana akasochera ankapezeka dzuwa lisanapendeke, alenje akalowa m'dziko aliyense ankabisala nthawi ikadalipo. Koma munkadutsanso miseche ndi zonyozana, ndipo onyozedwawo ankangomeza mate, chifukwa mawu a muuna alibe nkhope yoti uigwire n'kupita nayo kubwalo.

Zaka zinapita, Mfuko anakalamba, mauna anayamba kugumuka. Tsiku lina kunabwera Gologolo, mwamuna wa mng'ono wake, wakamwa lothwa ngati lumo.

"Alamu, mwaondatu."

"Ndikumba ndekha, alamu. Ndikakonza pano, kwagumuka uko. Wa kwa a Njiri unatsekeka kalekale. Mvula ikabwera, Kodimwamva watha."

"Lembani aganyu."

"Ndiwalipira chiyani? Dothi?"

"Alipiritseni olankhulawo."

"Wolengeza maliro ndimulipiritse? Ayi, zimenezo ayi."

Gologolo anakanda kukhutu, kenaka anadumpha. "Basi, tigulitse magawo! Titola zigoba za nkhono zodzaza dengu, tizilemba chizindikiro chanu. Chigoba chilichonse ndi gawo la Kodimwamva. Wogula akhala mwini pang'ono. Maunawa akabala phindu, alandira kake. Akatopa nacho chigobacho, agulitsa kwa wina. Inu mupeza mtedza wolipira aganyu."

"Nanga akagula zonse, ine ndidzakhala ndani?"

"Mudzakhala mayi wopumula, wa zikhadabo zosalala."

Potsiriza Mfuko anati, "Chabwino. Koma ndikupemphani chinthu chimodzi chokha. Osanama, alamu. Pakamwa panupo ndimapadziwa."

"Ine? Kunama?" anatero Gologolo atagwira pachifuwa.

Mkulu wa msika anali Nyani, ndipo lamulo lake linali lakuti katundu wachilendo asagulitsidwe asanaikidwe mtengo ndi woyesa malonda. Woyesayo anali Nungu, nkhalamba imene chibadwire sinayamikirepo katundu wa wina aliyense.

Gologolo anakwera pachulu cha pakati pa msika n'kuyamba nyimbo. Nyimboyo inkanena za chinthu chopanda miyendo chimene chimapitirira mbawala, chopanda mapiko koma chimafika nkhwazi isananyamuke. Pothera pa ndime iliyonse ankafunsa khamu ngati lamva, khamu n'kuvomera kuti lamva, uku likuwomba m'manja. Inali nyimbo yosavuta kugwira, moti ngakhale ogulitsa mchere anasiya miyeso yawo n'kumagwedeza mapewa.

Nungu yekha ndiye sanagwedezeke.

"Mwamaliza, a Gologolo? Tsopano ndiuzeni. Mukugulitsa chiyani?"

"Mauna, gogo."

"Una ndi malo amene achotsapo dothi. Ndiye kuti mulibe kanthu. Mukufuna anzathuwa apereke mtedza wawo kuti agule palibe kanthu?"

Khamu linang'ung'udza. Gologolo anatsika pachulu, anatenga chikho chimene Nungu ankamwera madzi, n'kuchidzaza dothi mpaka pakamwa.

"Mukuchita chiyani ndi chikho changa?"

"Ndikuchikonza, gogo. Munalibe kanthu, tsopano muli kanthu. Imwani."

"Ndimwa bwanji? Mwachiononga!"

"Ndiye kuti chimene munagula pogula chikhochi ndi palibe kanthu wa m'katiyo."

Msika wonse unaseka. Nungu anakhuthula dothilo pang'onopang'ono. "Apo mwandipeza. Koma mubwerenso pa msika wotsatira."

Msika wotsatira utafika, Gologolo anaimbanso nyimbo yake, ndipo ovomera anachuluka kuposa kale.

"Funso langa lachiwiri ndi ili," anatero Nungu. "Mbuzi imabala mwana, munda umabala chimanga. Maunawa onse amalankhulamo ulere. Phindu la ogula magawo lichokera kuti?"

Pafupi pomwepo panali Nkhanga, mayi wogulitsa thobwa, amene pakamwa pake sipankachoka pa una usana wonse. Tsiku limenelo mbiya zake zinali zodzaza, ogula kulibe.

"Mayi Nkhanga," anatero Gologolo, "thobwa lanuli likatha dzuwa lisanafike paliwombo, mundipatsa chiyani?"

"Dzanja la mtedza, n'kuwonjezapo kuvina!"

Gologolo anaika pakamwa pa una wa pamsika. "Kodi mwamva? Thobwa la mayi Nkhanga lakoma lero, la mawere enieni. Wochedwa adzanyambita chipanda!"

Posakhalitsa nyama zinayamba kufika, zina ndi makasu paphewa. Mbiya zinauma. Nkhanga anapereka dzanja la mtedza, n'kuvinanso monga analonjezera.

"Phindu ndi limenelo, gogo. Wolengeza maliro salipira. Wotsatsa malonda alipira."

Nungu anayang'ana mtedzawo. "Dzanja limodzi. Chabwino, ndaona ndi maso anga. Chigoba chilichonse chikhale dzanja limodzi."

"Dzanja limodzi?" anakuwa Nkhanga. "A Nungu, mwakalamba nazo nzeru! Chinthu chimene chaumitsa mbiya zanga? Mawa atsatsa a uchi, mkuja a mphasa, kenaka dziko lonse. Chigoba chimodzi ndi dengu lathunthu!"

"Inu mukuwerenga za mawa, ine ndikuwerenga za lero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Zengerezu analinda kwawukwawu!"

"Chikomekome cha nkhuyu, mayi."

Msika unagawikana pawiri, ena kwa Nungu, ena kwa Nkhanga, ndipo panatsala pang'ono kuti nthenga ndi minga ziuluke. Nyani anamenya ndodo yake pansi.

"Tamverani! A Nungu, n'chiyani chingathetse mkanganowu?"

"Kuchuluka kwa olankhula. Wotsatsa amalipira makutu. Mawa ndikhala pa una uwu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndikamva mawu a nyama yatsopano, ndiziponya mwala m'dengu. Dengu likadzaza, a Nkhanga anena zoona."

Gologolo anavomera akumwetulira. Koma inali nyengo yososa minda, ndipo iye ankadziwa kuti nyama zambiri zikhala kumunda, kutali ndi mauna. Anathamangira kwa Mfuko kuti akakambirane, koma anapeza mlamu wake atalowa pansi kukatsegula una wotsekeka uja wa kwa a Njiri.

M'mawa mwake Nungu anakhala pa una ndi dengu lake. Kunamveka mawu a Nkhanga, kenaka a nkhalamba zingapo zodandaula misana, kenaka a Nkhanga omwewo. Dzuwa linakwera, miyala m'dengu inali yosakwana kuphimba pansi.

Gologolo anasuzumira ali patali, ndipo anakumbukira nkhope yoonda ya mlamu wake. "Olankhulawo alipo ndithu," anadziuza yekha. "Angotanganidwa lero. Kuwalankhulira si kunama kwenikweni."

Anathamangira ku una wa kuseri kwa msika n'kulankhula ndi mawu a Mbawala. Anadumphira pa wina n'kulankhula ngati Mende. Anakhala Kafumbwe, anakhala Gwape, anakhala apongozi a Gwape, anakangana yekha ngati akamba awiri olimbirana malire a dimba. Mawu atayamba kumuthera, anakumbukira bambo Njiri, n'kukokera mphuno m'mwamba ndi kunena ndi mawu awo okhuthala aja, "Kodi mwamva? Kuno tili bwino, musade nkhawa."

Pofika madzulo dengu linali litasefukira. Nungu analiyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Mtima wanga ukukana, koma makutu anga amva. Lichero la mtedza pa chigoba chilichonse. Kuposa apo sindingavomere."

M'mawa mwake, tsiku lotsegulira malonda, msika unadzaza kuposa tsiku lina lililonse. Mfuko anatuluka pansi n'kukhala pambali pa dengu la zigoba, maso atatsinzina. Gologolo anamulangiza kuti asunge zochepa chabe, zambiri agulitse. Nyani anamenya ng'oma, Gologolo anayamba nyimbo, ndipo ulendo uno kuvomera kwake kunamveka ngati bingu.

Zigoba za Mfuko zinatha mame asanaume. Kenaka ogulawo anayamba kugulitsana okhaokha. Lichero linasanduka dengu, dengu linasanduka madengu awiri. Ena anatsitsa mbewu imene anasungira kubzala. Ngakhale Nyamalikiti, amene khutu lake silinafikepo pansi chibadwire, anagula zitatu.

"Mudzamvera chiyani inu?" anafunsa Nungu.

"Kumva n'kwa chiyani? Mawa ndigulitsa madengu anayi."

Kupatula Nungu, mmodzi yekha ndiye sanagule. Anali Nsato, mwini nkhokwe zambiri za mtedza ngakhale mtedza sadya. Chuma chakecho chinali cha alendo amene anakamuchezera osabwerako. Iye anangodzipinda pamthunzi n'kumayang'ana.

Dzuwa lili paliwombo, panafika mayi wina wometa mpala, atasenza kadengu, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Anali mkazi wa Njiri. Anagwada pamaso pa Mfuko.

"Mayi, ndigulitseni gawo limodzi. Uwu ndi mtedza wonse umene ndili nawo."

"Zatha, mnzanga. Koma bwanji mwameta? Kwagwa chiyani?"

"Amuna anga anatisiya mwezi watha. Una unali wotsekeka, sitinathe kulengeza. Koma dzulo mutangoutsegula, mawu oyamba amene ndinamva anali awo. Anati ali bwino, ndisade nkhawa. Sindinayankhe, ndinaopa kuwathawitsa. Ndikufuna gawo langa la una umenewu, kuti wina asadzautseke."

Ng'oma inaleka.

Nungu anaimirira, minga yake ili njo. Anayang'ana Gologolo, amene anali akadali pachulu.

"A Gologolo, dzulo munali kuti?"

Gologolo anatsegula pakamwa. Mayankho anzeru analipo ambiri, koma mayi wamasiye uja anali akumuyang'ana ndi maso oyembekeza. Anatsika pachulu n'kugwada.

"Mayi, pepani. Sanali amuna anu. Ndinali ine. Sindinadziwe kuti anamwalira."

Mayiyo sanalire. Ananyamula kadengu kake, n'kukakhala pansi kumapeto kwa msika atafulatira onse.

"Nanga Mbawala uja?" anafunsa Nungu. "Gwape uja? Akamba aja?"

Gologolo anazolika n'kuvomera kuti onsewo anali iye.

Zimene zinachitika pamenepo zinali ngati moto wa lupsa. Aliyense anafuna kugulitsa, wogula panalibe. Madengu awiri anabwerera pa dengu, dengu pa lichero, lichero pa dzanja. Nkhanga ankathamanga uku ndi uku akukuwa kuti thobwa lake linathadi, limenelo silinali bodza, koma panalibe womumvera. Gologolo anayesa kuyamba nyimbo, ndipo atafunsa ngati amva, anamuyankha ndi chibuma cha dothi.

Apo m'pamene Nsato anadzitambasula.

"Musalire, abale anga. Ine ndikuthandizani. Njere ziwiri pa chigoba."

Anamugulitsa akulira. Pofika madzulo zigoba pafupifupi zonse zinali pansi pa mimba ya Nsato.

"A Nyani," anatero Nsato ndi mawu ofewa, "kodi mwini katundu amaloledwa kuyendera katundu wake?"

"Amaloledwa."

"Zikomo. Msika wotsatira ukatha, ndiyamba kuyendera mauna anga. Ndikumva kuti amatulukira pakhomo pa aliyense."

Mbewa anakumbatira ana ake. Nkhanga anakumbukira mazira ake n'kukhala pansi. Tsiku lomwelo nyama zing'onozing'ono zinayamba kutseka mauna ndi miyala, ngakhale zinkadziwa kuti mwala sungaletse Nsato.

Mfuko anasonkhanitsa mtedza wonse umene anagulitsira zigoba, n'kupita nawo kwa Nsato.

"Tengani wonsewu, bambo. Ndibwezereni zigoba."

"Mtedza sindidya, mayi."

Pobwerera anakumana ndi Gologolo panjira.

"Alamu..."

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi," anatero Mfuko, n'kulowa pansi.

Gologolo anakwera mumtengo, osadya, osamwa. Ankangomva mawu a Nsato m'mutu mwake akubwerezabwereza kuti mauna anga, mauna anga. Kenaka makutu ake anaima.

Msika wotsatira utafika, Gologolo anabwera atanyamula nkhata ya maluwa, n'kugwada pamaso pa Nsato. Khamu linalavula malovu.

"Taonani, wapeza bwana watsopano!"

Gologolo sanatembenuke. "Bwana, ine ndine woimba chabe, ndimatsata mwini katundu. Ndakupekerani nyimbo. Koma ndisalakwitse mawu, ndifunse kaye. Kodi munagula dothi la maunawa, kapena mpata wa m'kati wokha?"

"Dothi ndi mpata womwe."

"Nanga mizu yolendewera m'katimo?"

"Yanga."

"Mphepo yodutsamo?"

"Yanga."

"Koma mawu okha ayi, eti bwana? Ena akunena kuti mawu ndi a eni ake, inu munangogula chigoba chopanda nkhono."

Nsato anatukula mutu. "Akunena ndani? Chilichonse cholowa m'mauna anga ndi changa. Mawu a dzulo, a lero, a makedzana, onse ndi anga!"

"Ha! Zimenezi n'zofunika kuimba."

Gologolo anakwera pachulu n'kuyamba nyimbo yomwe ija, koma mawu ake atasintha. Tsopano inkatamanda Nsato, mwini dothi, mwini mphepo, mwini mawu onse amene anadutsapo m'maunamo. Atafunsa ngati amva, poyamba panalibe wovomera. Koma Nsato anatembenuza maso ake ozizira n'kuyang'ana khamulo, ndipo onse anavomera mwamantha kuti amva. Gologolo anafunsa Nyani payekha, Nyani anavomera. Anafunsa Nungu, ndipo Nungu, amene anali atayamba kununkhiza kanthu, anavomera mokweza kuposa onse.

Nyimbo isanazizire, Gologolo anali atathamanga kale. Anapeza Njati akudya msipu.

"Achimwene, kodi mawu aja oti nyanga zanu n'zobwereka, munamupeza amene ananena?"

Njati anafwenthera. "Ndikanamupeza, bwenzi ali m'manda."

"Mawuwo apeza mwini. Wavomera yekha pamsika, mboni ndi dziko lonse."

Njati anafika pamsika fumbi lili kobo. Nyani anakhala pampando woweruzira.

"Sindinanene ine!" anatero Nsato.

"Mawuwo anadutsa muuna?" anafunsa Nyani.

"Anadutsa, koma..."

"Ndiye ndi anu. Tonse tamva." Ndipo Nsato analipira nkhokwe yathunthu.

Asanapume, panafika Mvuu. Chaka chathacho wina ananena muuna kuti mwana wake wamkazi akayasamula, asodzi amakocheza bwato m'kamwa, ndipo chibwenzi cha mwanayo chinathera pomwepo. Nsato analipira nkhokwe ina. Kumbuyo kwa Mvuu kunali mzere. Kanyimbi anali ndi milandu yambiri ya fungo, Khwangwala wa umbava, Birimankhwe wa ufiti.

"Walira mvula walira matope," anatero Nungu, osayang'ana aliyense.

Kenaka nthaka inagwedezeka, mzere unapatuka, panafika Njovu.

"Ndamva kuti wapezeka amene ananena kuti ndinathawa nyerere ndikulira amayi."

"Nenani chindapusa, akuluakulu," anatero Nsato. "Nkhokwe ziwiri? Zitatu?"

"Mtedza ndili nawo. Ine ndingofuna kuponda kamodzi kokha pamutu pa mwini mawu. Kamodzi, basi, tiiwale."

Njovu anayamba kuwongola mwendo wakutsogolo. Nsato anakankha zigoba zonse pakati pa bwalo.

"Sindizifunanso! Atenge wofuna!"

Palibe anasuntha.

"Pamsika pano katundu satayidwa," anatero Nyani. "Mpaka mutapeza wogula, mwini ndinu."

"Njere ziwiri! Njere imodzi! Abale!"

Gologolo anayandikira. "Bwana, alipo mmodzi amene angakumvereni chisoni, ngakhale munamubweza chimanjamanja. Kaya avomera."

Anathamangira pa una n'kuitana ndi mawu akeake. Patapita kanthawi, dothi linatukuka, Mfuko anatulukira. Atamva zonse, anati:

"Ndigula pa mtengo umene iwo anagulira, njere ziwiri, kuti pasakhale wonena kuti ndawabera. Koma a Nyani, mumve bwino, nonse mumve. Ine ndagula dothi ndi mpata. Mawu ndi a amene wawalankhula. Kuyambira lero wolankhula muuna ayambe watchula dzina lake."

"Tamva!" linayankha khamu, popanda woliimbira.

Pamene Njovu ankatembenuka kuti afunse za mlandu wake, pamene panagona Nsato panali patangotsala mkukuluzi wolowera kutchire. Njovu anaseka mpaka misozi. Kuyambira tsiku limenelo Nsato sanaonekenso pamsika.

Mfuko sanalekere pomwepo. Anaitana onse amene anagula kwa iye tsiku loyamba lija, n'kuwabwezera zigoba zawo pamodzi ndi mtedza wawo, kungotsalira kochepa kolipira aganyu. Sikuti onse anachira. Amene anagula kwa anzawo pa madengu awiri anataya ndithu, ndipo mabanja ena anabzala mbewu yopempha chaka chimenecho. Nyamalikiti mpaka lero safuna kumva za nkhono.

Kusosa minda kutatha, Nungu anakhalanso pa una ndi dengu lake, atamukhazika Gologolo pambali pake pomwepo kuti asasowe. Miyala inafika pakati pa dengu.

"Manja awiri pa chigoba," anatero Nungu.

"Kuchepa!" anatero Nkhanga. "Dikirani muone chaka chamawa."

"Kuchuluka. Dzanja lachiwirilo ndaikira ulemu wa mayi Mfuko." Atatero anatulutsa manja awiri a mtedza n'kugula chigoba chimodzi.

"A Nungu! Inunso?"

"Ndikufuna ndizidandaula ngati mwini."

Unatsala mlandu wa Gologolo. Ena ankati apirikitsidwe, ena ankati wawapulumutsa kwa Nsato, akhululukidwe. Nyani anati woyenera kugamula ndi mkazi wa Njiri. Mayiyo anabwera, n'kumuyang'ana Gologolo.

"Tsiku limodzi lathunthu ndinakhulupirira kuti amuna anga ali bwino," anatero. "Tsiku limenelo ndinadya, ndinagona tulo. Sindikudziwa ngati ndikuthokozeni kapena ndikutembelereni. Musamupirikitse. Koma pakamwa pake pasadzayandikirenso una."

Gologolo anawomba m'manja kuvomera. Anasamukira mumtengo wakutali, kumene kunalibe una. Mvula inabwera, aganyu anagwira ntchito, mauna sanagumuke. Nyama zinkadutsa pansi pa mtengo wake zikuseka nkhani zimene iye sanamve. Chinkhoswe ankachimva chitatha, maliro ataika kale. Mlamu wake sanamutumizire ngakhale moni.

Tsiku lina m'mawa, Gologolo anaona kamulu ka dothi latsopano patsinde pa mtengo wake. Anatsika pang'onopang'ono. Pakati pa kamuluko panali una waung'ono, ndipo munatuluka mawu.

"Ndine Mfuko. Alamu, mwadzuka bwanji?"

Gologolo anatsegula pakamwa.

"Musayankhe, mungaphwanye lamulo. Anakuletsani kulankhula, kumva sanakuletseni. Ngati mwadzuka bwino, ingogwedezani mchira."

Gologolo anagwedeza mchira, misozi ili chuchuchu.

"Ine kuno sindikuona," anatero Mfuko. "Koma ndakukhulupirirani."

N'chifukwa chake mpaka lero gologolo akatsika mumtengo amaima kaye chete, khutu lili pansi, kenaka n'kugwedeza mchira.

Nthano yanga yagona pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule, isanasanduke khala.